Kodi mawu oti "loot" anachokera kuti?

Mayi wa ku Chilomoni:
Abale, ndithandizeni. Mwana wanga wa Fomu 3 wapatsidwa ntchito yofotokoza mawu oti "loot". Ine ndamuuza kuti ndi kuba, koma akuti aphunzitsi akana, ati kuba ndi "steal". Nanga akusiyana pati? Komanso m'khutu mwangamu sakumveka ngati Chingerezi chenicheni.

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Mayi, khutu lanu silinakunamizeni. Mawuwa ndi a Chihindi, "lut", ndipo Angerezi anawatola ku India nthawi ya East India Company, kampani yawo yamalonda yomwe inkalamulira madera a kumeneko. M'mabuku awo anayamba kuoneka cha m'ma 1788. Chimandiwawa ine n'choti sanatole mawu okha. Nkhondo ya ku Plassey itatha mu 1757, Robert Clive, mtsogoleri wa asilikali a kampaniyo, anatapa yekha mapaundi 234,000 pa chuma cha Bengal, dera la ku India.

Muuzeni mwanayo kuti pa Chichewa ndi kufunkha. Wakuba amazemba, amabwera usiku, ndipo safuna kuonedwa. Ofunkha amabwera chigulu dzuwa likuswa mtengo, pa nkhondo kapena pa chipolowe, mwini katundu akuyang'ana koma alibe chochita. Katundu wotengedwayo, zofunkha, nayenso amatchedwa "loot".

Azunguwo analibe nazo manyazi. Mu 1860 asilikali a Britain ndi France anafunkha nyumba yachifumu ya Yuanmingyuan ku Beijing, kenako a Britain n'kuitentha. Kagalu kamodzi ka kumeneko anakapereka kwa Mfumukazi Victoria, n'kukatcha dzina loti Looty.

Mchimwene wa ku Durban:
Aphunzitsi, mwalasa. Ife kuno mawuwa tinawadziwa mu Julayi 2021, pa zipolowe zomwe zinabuka Jacob Zuma atamangidwa. Ndinaona ndi maso anga bambo wamkulu ndithu akukankha firiji pa tolole ya m'sitolo, pamwamba atasanjikapo matumba a mpunga, osathamanga n'komwe. Sitolo yomwe ndinkagwirako ganyu inatsala mashelefu okhaokha, ntchito n'kuthera pomwepo.

Mlongo wa ku Area 25:
Musaiwale kuti masiku ano sipafunikanso mfuti kapena kuthyola chitseko. Nthawi ya Cashgate mu 2013 nyuzipepala zinkalemba "looting" pa ndalama za boma zomwe anthu ankasolola ndi macheke ku Capital Hill. Achinyamata osewera magemu a pakompyuta nawonso amati "loot" pa zida zomwe atola akagonjetsa mdani. Mwina mwana wanuyo, mayi, tanthauzo limeneli akulidziwa kale.

Mayi wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Walemba za kufunkha ndi za India. Za kagaluko akuti akafunse aphunzitsi ake a mbiri mawa.