i7 yakale kapena i5 yatsopanoko, nditenge iti ndi magetsi ozimazimawa?

Mayi_wa_ku_Mufakose:
Abale muli bwanji nonse. Mwana wanga wayamba koleji ndiye akufunika laputopu, yatsopano sindingakwanitse ayi ndikuyang'ana zakaunjika zomwezi. M'tauni ndapeza ziwiri, ina yalembedwa i7-7500U ina i5-8250U, mnyamata wogulitsayo akuti nditenge ya i7 poti 7 ndi wamkulu kuposa 5 komanso akuti liwiro lake ndi 2.7 GHz pomwe inayo ndi 1.6 basi, ndiye ya i7 yo wayikweza mtengo. Kwathu magetsi akapita m'mawa amabwera usiku anthu tagona, tili ndi kasola kakang'ono kochajira mafoni ndi kuyatsa mababu. Odziwa ndithandizeni ndisataye madola anga.

Wamakompyuta_Highfield:
Mayi musapusitsidwe ndi 7 ameneyo, tengani i5. Amenewa ndi mayina a purosesa, ubongo wa kompyuta, ndiye pa ziwirizi muyang'ane nambala yoyamba pambuyo pa kamzere kaja, imeneyo ndiye jenereshoni yosonyeza kuti yatsopano ndi iti. 7500U ndi ya nambala 7, inatuluka 2016 ndipo ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa purosesa) awiri okha, pomwe 8250U ndi ya nambala 8, ya 2017, ma core ake ndi anayi. Zili ngati m'munda wina mwalowa anthu awiri amphamvu wina mwalowa anayi, mundiuze wothamo msanga ndi uti. Za 1.6 zo wakuuzani theka chabe, limenelo ndi liwiro loyambira, ntchito ikachuluka imakwera yokha mpaka 3.4 ndipo i7 yo imafika 3.5, ndiye kusiyana kwake kuli pati pamenepa. Ndipo chachikulu chimene sanakuuzeni n'chakuti Windows 11 imavomereza kuyambira jenereshoni 8, Windows 10 Microsoft anasiya kuyisamalira pa 14 October 2025, ndiye mukagula 7500U mwagula chinthu choti eni ake anachitaya kale.

Kamnyamata_ka_Mbare:
Achimwene zoona koma musawaopseze mayiwa kkkk, mwana akamangolemba pa Word ndi kutsegula intaneti sangaone kusiyana kulikonse pa ziwirizi. Chimene chimachedwetsa malaputopu akalewa si purosesa kwenikweni ndi hard drive yosungira mafayilo ija, ikakhala ilibe SSD (chosungira mafayilo chamakono chothamanga) mudzadikira mpaka tiyi kuzizira isanayake. Ine ndikanati muwonjezere pang'ono mutenge ya magemu yokhala ndi H m'malo mwa U kumapeto kwa dzina la purosesa, imeneyo ndiye makina.

Wamakompyuta_Highfield:
Aise pa SSD po ndagwirizana nawe, ndipo RAM, memore imene kompyuta imagwiritsa ntchito mapulogalamu akatsegulidwa, isachepere 8GB. Koma pa H wasokoneza, wawerenga kuti mayiwa ali ndi kasola ka mababu? U imatanthauza purosesa yosadya moto, inapangidwira mawati 15, pomwe za H ngati i7-8750H ndi mawati 45 purosesa yokha osawerengera graphics card, n'chifukwa chake chaja yake imakhala chimwala chachikulu cha mawati 120 kapena kuposa pomwe ya U imakhuta ndi 45 kapena 65. Uyike chimenecho pa kainveta kakang'ono uone ngati sikalira. Komanso moto wonse umene purosesa ikudya umasanduka kutentha, ikatentha kwambiri imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse, ndiye mwezi wa October kuno fumbi litadzaza mu fani liwiro lija unalipira ndalama zambiri suliona n'komwe, umangomva fani kulira pamiyendo. Ndipo nkhani ya ma core usaipeputse, ana a masiku ano satsegula Word yokha, pali Zoom, pali Chrome ma tab makumi awiri, nyimbo zikulira kumbali, pamenepo ma core awiri amabanika.

Achemwali_a_Avondale:
Ngati nkhani ndi batire palibe choposa MacBook Air ya M1, inatuluka November 2020, ilibe ndi fani yomwe chifukwa situlutsa kutentha kwambiri. Mkati muli ma core 8, anayi a ntchito zolemetsa anayi osunga moto, ndiye ukamangolemba amagwira ntchito ndi aang'onowo. Yanga ndimachaja usiku magetsi akabwera ndipo ndimaweluka nayo isanathe. Vuto ndi mtengo, RAM yake sungawonjezere, komanso mufunse kaye kukoleji ngati mapulogalamu awo safuna Windows. Apo ayi yang'anani Ryzen 5 5500U ya AMD, ma core 6 pa mawati 15 omwewo, ingokhala yosowa pang'ono m'mashopu a zakaunjika.

Mayi_wa_ku_Mufakose:
Zikomo abale anga mwanditsegula maso, ya Apple yo thumba langa silifika achemwali. Ndipita Loweruka kukatenga ya i5. Nanga batire ndingadziwe bwanji kuti ndi yamoyo poti onse amangoti ili bhobho?

Wamakompyuta_Highfield:
Mupite ndi mwanayo mayi, atsegule Command Prompt alembe powercfg /batteryreport, ituluka lipoti yoonetsa design capacity (moto umene batire inkasunga ili yatsopano) ndi full charge capacity (umene ikusunga panopa ikadzaza). Yachiwiriyo ikakhala pafupi ndi theka la yoyambayo batire yatha, akuchotsereni mtengo kapena asinthe. Akatsegulenso Task Manager aone dzina la purosesa ndi maso ake, sitika ya pamwamba aliyense atha kumata.