Andiuza kuti ndiyambe ntchito, kontirakiti idzabwera pambuyo: kodi ndisiye ntchito yomwe ndili nayo?

Wa ku Kasungu walemba:

Ndikupempha malangizo kwa inu amene mumadziwa malamulo a ntchito kapena amene munakumanapo ndi nkhani yofanana ndi yangayi. Pakali pano ndimagwira ntchito yosunga ndi kuwerengera katundu pa kampani ina yogula mbewu kuno ku Kasungu, ndipo ndili ndi kontirakiti yolembedwa, ngakhale kuti malipiro ake ndi ochepa. Sabata yatha ndinakayesedwa mafunso pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, ndipo bwana wa kumeneko wandiimbira foni kundiuza kuti anditenga, ndikayambe ntchito tsiku loyamba la mwezi wamawa. Malipiro amene anatchula pafonipo ndi okwererapo ndithu, ndipo ananenanso kuti padzakhala kangachepe kothandizira lendi ya nyumba.

Nditapempha kalata yotsimikizira zimenezi, anandiyankha kuti kontirakiti amapereka munthu akamaliza miyezi itatu ya pulobeshoni, kutanthauza nthawi yoyesedwa pantchito, ndiponso kuti onse amene akugwira ntchito kumeneko anayamba chimodzimodzi. Kuti ndipite ku Lilongwe ndiyenera kusiya ntchito imene ndili nayo, kusamutsa banja ndi kupezera ana sukulu ina. Kodi malamulo amalola kuti munthu agwire ntchito miyezi itatu popanda chikalata chilichonse? Nanga atandichotsa mwezi wachiwiri, kapena atandipatsa ndalama zocheperapo pa zimene tinagwirizana, ndingakadandaule kuti, ndipo ndingakanene chiyani?

Mayi wa ku Area 25 ayankha:

Achimwene, ndakhala ndikugwira ntchito yoyang'anira za anthu ogwira ntchito kwa nthawi yaitali, choncho ndiyankha motsatira zimene lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 likunena. Choyamba, musaganize kuti kusowa kwa pepala kukutanthauza kuti palibe mgwirizano. Lamuloli limazindikira munthu ngati wolembedwa ntchito kaya mgwirizano wake ndi wolembedwa kapena ndi wapakamwa, kotero kuti tsiku limene mudzayambe kugwira ntchito ku Kanengo mudzakhala wantchito wokwanira pamaso pa malamulo. Sabata yanu ya ntchito siyenera kupitirira maola 48, maola owonjezera ayenera kulipidwa ngati ovataimu, ndipo pachaka muli ndi masiku a tchuthi osachepera 18 ngati mumagwira masiku 6 pasabata, kapena 15 ngati mumagwira masiku 5. Zimenezi bwana sangakulandeni pongonena kuti simunasainirane kanthu.

Chachiwiri, zimene bwanayo wakuuzani zoti chikalata chidzabwera pakatha miyezi itatu sizikugwirizana ndi lamulo. Ndime 27 imalamula wolemba ntchito aliyense amene ali ndi antchito osachepera asanu kuti apereke kwa wantchito watsopano chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchitoyo. M'chikalatacho muyenera kukhala maina a mbali zonse ziwiri, tsiku loyamba ntchito, kuchuluka kwa malipiro ndi mmene amawerengedwera, nthawi imene amaperekedwa, mtundu wa ntchito, maola ogwirira ntchito, njira yothetsera mgwirizano ndi malamulo a mwambo wa pantchitopo. Kampani yogulitsa simenti ndi malata ku Kanengo, imene ili ndi nyumba yosungiramo katundu yofuna munthu woiyang'anira, ndi yokayikitsa kukhala ndi antchito ochepera asanu. Kuti onse anayamba choncho sikusintha kanthu. Kukungosonyeza kuti chizolowezicho chinakhazikika pamalopo.

Komabe pamene pagona nkhani yanu ndi pa pulobeshoni, ndipo apa ndikufuna mumvetse bwino. Ndime 26 imalola kuti pa ntchito ya luso mbali ziwirizo zigwirizane za nthawi yoyesedwa, imene siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Ndiye tangoganizirani: ngati kutalika kwa pulobeshoni sikunalembedwe paliponse, inu mudzanena kuti inali miyezi itatu ndipo inatha, pamene bwana adzanena kuti inali miyezi isanu ndi umodzi ndipo munali mudakali pa mayeso. Ufulu umene lamulo limapereka kwa aliyense, monga tchuthi ndi maola, ndi wosavuta kuuteteza chifukwa uli m'buku. Koma zimene munagwirizana awiriwiri pafoni, monga malipiro okwerawo, ndalama ya lendi ndi kutalika kwa pulobeshoni, sizili m'buku lililonse, ndipo zimenezo ndi zomwe zikukuchotsani ku Kasungu.

Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, lamulo limakupatsani miyezi itatu kuchokera pa tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule ku ofesi ya leba ya boma lanu. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku bwalo loweruza milandu ya ntchito la Industrial Relations Court, limene lili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ku bwaloli wolemba ntchito ndiye amene amayenera kupereka chifukwa chomveka chochotsera munthu ndi kusonyeza kuti anam'patsa mwayi wodziteteza. Koma milandu imatenga nthawi kuti ithe, ndipo mwininyumba wa ku Area 49 kapena ku Mgona sadikira chigamulo cha bwalo kuti alandire lendi yake. Ine malangizo anga ndi akuti musapereke notisi ku Kasungu musanalandire kalata, ngakhale ya tsamba limodzi, yosainidwa ndi kudindidwa.

Dalaivala wopuma wa ku Bangwe ayankha:

Ndikugwirizana ndi zimene mayiwa anena, ndipo ndikufuna kuwonjezera za umboni, chifukwa ndinaperekezapo mphwanga ku ofesi ya leba pa nkhani ngati imeneyi. Iye ankayendetsa galimoto yonyamula katundu pa kampani ina kuno ku Blantyre, ndipo anagwira ntchito kupitirira chaka popanda kalata iliyonse. Anagwirizana pakamwa za malipiro a pamwezi komanso alawansi ya usiku uliwonse umene wagona panjira, makamaka pa maulendo odutsa pa chipata cha Mwanza, pamene munthu amatha kuchezera pamzere kudikira mapepala. Atasemphana ndi mwini kampaniyo n'kuchotsedwa, mwiniwakeyo anafika ku ofesi ya leba atavala bwino, n'kunena modekha kuti mnyamatayo sanali wantchito wake koma waganyu amene ankangoitanidwa pakapezeka ulendo.

Chimene chinam'pulumutsa mphwangayo ndi zinthu zimene iye mwini sankaziwerengera n'komwe. M'foni mwake munali mauthenga a Mpamba osonyeza ndalama yofanana ikulowa kumapeto kwa mwezi uliwonse kuchokera ku nambala imodzi, munalinso mauthenga a pa WhatsApp omuuza nthawi yofika pantchito, ndipo dzina lake linali m'kaundula wa pageti amene alonda ankalembamo m'mawa uliwonse. Mkulu wa za leba atafunsa kuti ndi waganyu wotani amene amalandira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi n'kumasaina pageti tsiku ndi tsiku, bwanayo anasowa chonena, ndipo anavomera kulipira ndalama ya notisi ndi ya masiku a tchuthi. Koma za alawansi ya usiku, imene inali yambiri kuposa zonsezo, sanapezepo ngakhale tambala, chifukwa panalibe paliponse pamene kuchuluka kwake kunalembedwa.

Choncho, achimwene, mukasankha kupita ndithu, kanani kulandira malipiro a m'envelopu popanda kusainira. Pemphani kuti ndalama zizilowa ku banki kapena pafoni, ndipo muzifuna chikalata cha malipiro mwezi uliwonse, chimene lamulo limanenanso kuti wantchito azipatsidwa, chosonyeza ndalama zonse ndi zimene zadulidwa.

Wamalonda wa ku Limbe ayankha:

Ndiloleni ndilankhuleko ngati munthu amene ndimalemba anthu ntchito, chifukwa si bwana aliyense wochedwetsa kontirakiti amene ali ndi maganizo akuba. Ambiri a ife tinayamba malonda ndi abale, ndipo timaganiza kuti kontirakiti ndi chikalata chachikulu chofuna loya ndi ndalama zambiri, choncho timazengereza kuilemba mpaka titaona kuti munthuyo akhalitsa. Sindikunena kuti zimenezi ndi zabwino, koma zikutanthauza kuti mmene mungapemphere ndi mmenenso mungayankhidwire. Mukayamba ndi kutchula ndime za malamulo musanalowe n'komwe pakhomo, bwanayo adzakuonani ngati munthu wovuta, ndipo ofuna ntchito ku Lilongwe ndi ambiri.

Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi yakuti inuyo mulembe nokha. Tumizani kalata kapena imelo yaulemu yothokoza chifukwa cha mwayi wa ntchito, ndipo m'menemo mubwereze zonse zimene munamva pafoni: udindo wanu, tsiku loyamba, malipiro a pamwezi, ndalama ya lendi ndi miyezi itatu ya pulobeshoni. Kenako mupemphe kuti atsimikize kuti mwamva bwino, n'kufotokoza kuti abwana anu a ku Kasungu akufuna notisi yolembedwa ndipo simungaipereke musanatsimikize za kumene mukupita. Palibe wolemba ntchito wanzeru amene angakhumudwe ndi pempho lotere. Akayankha ndi mawu awiri okha ovomereza, mwapeza umboni. Akakana kapena akamangozemba, ndiye kuti mwadziwa khalidwe lake mudakali ndi ntchito m'manja.

Mufunsenso momveka ngati ndalama imene anatchulayo ndi yomwe mudzalandire m'manja kapena ndi yosachotsera msonkho wa PAYE ndi penshoni. Mikangano yambiri imene ndaiona pa mwezi woyamba imachokera pomwepa, chifukwa bwana amatchula ndalama yonse pamene wantchito amawerengera kuti yonseyo ilowa m'thumba.

Pali chinthu chinanso chokhudza ntchito yanu yeniyeniyo chimene anzangawa sanachitchule. Wosunga katundu ndiye amene amalozedwa chala matumba a simenti akaperewera. Tsiku loyamba musalandire makiyi musanawerenge katundu yense pamodzi ndi amene akukusiyirani, thumba ndi thumba, lata ndi lata, chitini cha penti chilichonse, ndipo nonse awiri musainire pepala la chiwerengerocho, inu n'kusungako lanu. Mufunse kuti ndani winanso ali ndi makiyi, ndiponso kuti katundu akasowa kampaniyo imatsata njira yanji. Munthu wopanda kontirakiti amenenso walandira nyumba ya katundu osawerenga angathe kusenzetsedwa ngongole ya zinthu zimene zinasowa iye asanafike.

Wa ku Kasungu walembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Ndatumiza imelo monga mmene bambo a ku Limbe alangizira, ndipo bwanayo wayankha kuti zonse ndalembazo ndi zoona kupatula ndalama ya lendi, imene akuti idzayamba pulobeshoni ikatha. Wavomeranso kundilembera kalata ya tsamba limodzi sabata ino. Chimene chatsala ndi chakuti masiku otsala kuti mwezi uthe sakukwana notisi ya mwezi umodzi imene kontirakiti yanga ya kuno ikufuna. Kodi ndingangochoka, popeza ntchito yatsopano ndaipeza kale?

Mayi wa ku Area 25 ayankhanso:

Musangochoka, achimwene. Kwa munthu wolandira malipiro pamwezi, notisi ndi mwezi umodzi, ndipo lamuloli limamanga wantchito monga mmene limamangira bwana. Mukachoka osakwanitsa notisi, abwana anu a ku Kasungu ali ndi ufulu wofuna kuti mulipire ndalama yolowa m'malo mwa notisiyo. Njira zilipo ziwiri: mupemphe a ku Kanengo kuti asunthe tsiku loyambira, ndipo tsiku latsopanolo lilembedwe m'kalata imene akukulemberaniyo, kapena mukambirane ndi a ku Kasungu kuti akuloleni kuchoka msanga, chilolezocho chilembedwenso.

Pochoka mupemphe chikalata chotsimikiza kuti munagwira ntchito pamenepo, chimene lamulo limati wolemba ntchito apereke wantchito akachipempha pamene mgwirizano watha, ndiponso muwerengetse masiku a tchuthi amene simunapite kuti akulipireni. Mutengenso nambala yanu ya penshoni ndi dzina la kampani imene imasunga ndalamazo. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, limene linalowedwa m'malo ndi la 2023, wolemba ntchito amasonkha ndalama zosachepera 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ndipo wantchito amasonkha 5, ndipo ndalama zimenezi sizitayika munthu akasintha ntchito. M'kalata ya ku Kanengo mupemphe kuti alembemo za penshoniyi, komanso mwezi weniweni umene ndalama ya lendi idzayambe kuperekedwa, pamodzi ndi kuchuluka kwake, popeza tsopano mwadziwa kuti miyezi itatu yoyambirira lendi ya ku Lilongwe mudzalipira nokha ndipo muyenera kuiwerengera musanasamutse banja.