Agogo a ku Korea amasamalirana bwanji akatsala awiriwiri pakhomo?

NaBanda, Chilenje: Muli bwanji nonse? Gulu lathu loyendera odwala m'makomo likupeza nyumba zambiri muno mu Lusaka zotsala agogo awiri okha, ana ali ku Kitwe kapena ku Johannesburg. Akuti ku South Korea zoterezi n'zofala. Kumeneko gogo wamkazi akamasamalira mwamuna wake wodwala sitiroko, amathandizidwa bwanji?

Phiri, Kabwata: Amai, kumeneko kuli inshuwalansi ya chisamaliro cha okalamba yomwe inayamba mu July 2008, yoyendetsedwa ndi National Health Insurance Service, bungwe la boma loona za inshuwalansi ya zaumoyo. Mukalembetsa, amatuma munthu kudzaona wodwalayo pakhomo: atha kudzuka yekha, kusamba, kupita kuchimbudzi, kukumbukira? Akatero amamuika pa giredi 1 mpaka 5, ndipo 1 ndiye wodalira ena pa zonse. Banja limalipirako 15 peresenti ngati akusamaliridwa pakhomo, 20 peresenti akapita ku nyumba ya okalamba.

Mkaziyo akachita maphunziro a osamalira odwala n'kukhoza mayeso, amalembedwa ntchito ndi bungwe la chisamaliro n'kumalandira malipiro posamalira mwamuna wake yemwe. Wachibale wamba amamuwerengera mphindi 60 patsiku, masiku 20 pamwezi. Wosamalirayo akakhala wa zaka 65 kapena kuposa ndipo ndi mkazi kapena mwamuna wa wodwalayo, ndi mphindi 90 tsiku lililonse.

NaTembo, Matero: A Phiri mwalongosola bwino, koma mphindi 90 zimenezo n'za papepala. Sitiroko sigona usiku. Amene sangathe kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa maola awiri alionse, apo ayi zilonda zimayamba pamchira wa msana, m'chiuno ndi ku zidendene. Khungu likafiira osabwerera mwakale mutalidina ndi chala, chilonda chayamba kale. Musapatikite pamenepo, ingochotsanipo kulemera.

China, agogo ambiri a ku Korea anazolowera kugona pansi chifukwa pansi pa nyumba zawo pamatenthetsedwa. Kunyamula munthu wamkulu kuchokera pansi ndiko kumathyola msana wa gogo wamkazi, odwala n'kukhala awiri. N'chifukwa chake inshuwalansi ija imathandizanso kubwereka bedi lokwera ndi kutsika, matiresi oletsa zilonda ndi njinga ya olumala. Kwathu kuno ogona pamphasa vuto n'lomwelo. Pezani bedi lofika m'maondo mwa wodwala. Pomudzutsa, ayambe wagona chammbali, miyendo itsike, akhale kaye pang'ono kuti chizungulire chithe. Osamukoka dzanja lopuwalalo, phewa limaguluka.

Pa chakudya a ku Korea amaphika phala la mpunga. Ife la mgaiwa lothira nsinjiro likwanira, bola wodwala adye atakhala tsonga ndipo asagone mphindi 30 zisanathe. Akamakhosomola pomeza madzi, apite kuchipatala, chifukwa zolowera m'mapapo zimabweretsa chibayo.

Phiri, Kabwata: Zoona, Amai NaTembo. Ndinasiyako malo osungira okalamba masana: galimoto imamutenga m'mawa n'kumubweza madzulo, mkazi apeze tulo. A NaBanda, chimenechi ndicho gulu lanu lingatengere popanda ndalama. Gawanani masiku, anthu awiri azikhala ndi wodwala masana athunthu kawiri pamlungu, ndipo mukafika muziyeza BP ya agogo onse awiri, osati ogonawo okha.