Thandizeni akuluakulu, galimoto yanga sikulira

Membala wosatchula dzina: Galimoto yanga ya masipoti, ya 2004, ex-Japan, yakana kulira. Sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini osagwira. Batire ndi yatsopano. Kugaraja sindibwererako, makaniko wina anandidyera ndalama ya mapulagi n'kundibwezeramo akale omwewo atangowapukuta. Ndagula masipanala anga, ndizikonza ndekha. Kunyumba nako kulibe mtendere, mayi a kunyumba akuti ndalama ya malata inathera pa chidole. Alamu anga, amene amaibwereka ukwati uliwonse osathiramo ngakhale lita imodzi, ndiwo akutsogolera kuseka. Loweruka m'mawa ndinangoisuntha pang'ono kuti ana asese pabwalo, komanso anawo amamenyetsa zitseko zakumbuyo zija zotsegukira chammbuyo. Ndiyambire pati?

Mfumu ya Corolla: GULITSANI BWANA. Misewu yake iti yoyendamo galimoto yokhudza pansi? Gulani Corolla, sipeya zake mumsika wa Ndirande zili mbwee.

Wa Kabaza Wolemera: Mwasuzumira muthanki? Mwina alamu anakusiyirani fungo lokha 😂

Mayi wa ku Zomba: Inu nyumba ikudontha, mukugula masipanala? Mayiwo sakulakwa. Azibambo mumatitopetsa.

Dalaivala Wakale: Galimoto yanji? Mwalemba za alamu, za malata, dzina la galimoto osatchula.

Mnyamata wa Altezza: Ndi mafuta a m'zigubu amenewo. Nthawi ya mizere ija ndinagula petulo kwa mavenda, kunapezeka wosakaniza ndi palafini. Pampu inapsa, ma injector anatsekeka, galimoto inagona kwa apongozi mpaka nkhuku zinayamba kuikira pansi pake. Mpaka lero apongoziwo sandiyankha moni bwino.

Mfumu ya Corolla: Corolla yanga inamwa petulo yemweyo, sinatsokomole n'komwe.

Makaniko wa ku Biwi: Achimwene, zitseko mwatchulazo zikundiuza kuti ndi Mazda RX-8. Ngati ndi yomweyo, mwamiza injini mu petulo. Ikakhala yozizira imathira mafuta ambiri, ndiye mukailiza n'kuizimitsa isanatenthe, mapulagi amanyowa. Pondani moto mpaka pansi, osasiya, n'kuzungulitsa sitata masekondi osapitirira 10. Mukaponda chonchi kompyuta imadula petulo, injini n'kumalavula amene watsalira. Pumitsani sitata, bwerezani, kenako yesani kuliza osaponda. Ikagwira itulutsa utsi wambiri, musaizimitse mpaka itenthe.

Mfumu ya Corolla: ZAMABODZA. Kuponda moto ndiye kuwonjezera mafuta. Apa mapisitoni afa, ikufunika ovaholo.

Makaniko wa ku Biwi: Madala, injini imeneyi ilibe pisitoni ngakhale imodzi. Ndi rotary, 13B Renesis, muli ma rotor awiri a makona atatu ozungulira mkati. Mazda anaipanga kuyambira 2003 mpaka 2012.

Mfumu ya Corolla: Ndiye mwavomereza nokha. Galimoto yopanda mapisitoni ndi galimoto? Ine ndayendetsa galimoto inu musanabadwe.

Wa ku Joni: Ingoitanani anyamata akankhe, giya yachiwiri, kusiya kilachi, basi. Kuno timatero ndi ma gusheshe, ma BMW akale aja.

Dalaivala Wakale: Nanga ikakhala otomatiki akankha chiyani? Mwiniwake sananene.

Mayi wa ku Zomba: Akankhe alamuwo.

Sisi Wokonda Mazda: Ikakanabe, chotsani tayala lakutsogolo lakumanzere, mapulagi mumawafikira bwino pamenepo. Alipo anayi, awiri pa rotor iliyonse, ndipo sali ofanana: apansi ndi L, apamwamba ndi T. Lembani zizindikiro pa mawaya musanazule, mukasokoneza mulira nokha. Makoyilo a galimoto zimenezi sakhalitsa, ndipo akafooka ndi amene amaimiza pafupipafupi. Oyilo muziyang'ananso kawirikawiri, imawotcha mwadala kuti ma apex seal, tizitsulo totseka mpata pa nsonga za rotor, asaume.

Mfumu ya Corolla: Mwamva? Imamwa petulo, imamwanso oyilo. Ana adya chiyani?

Mnyamata wa Altezza: Sisi, mnzanga anasintha mapulagi, makoyilo, zonse, kunapezeka compression, mphamvu yopanikiza mpweya mu injini, inatha kalekale. Injini ina anachita kuitanitsa kudzera ku Dar es Salaam.

Makaniko wa ku Biwi: N'chifukwa chake ndikufuna ayankhe: masiku am'mbuyomu ikatentha, monga mukazimitsa pothira mafuta, imavuta kulira? Ngati eya, compression yatsika, ndipo geji wamba ya injini za mapisitoni sionetsa bwino. Ngati ayi, ndi kumira chabe, ntchito ya theka la ola.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Mayi a ku Zomba, malatawo ndinagula theka, musaweruze nkhani yomwe simukuidziwa. Inu a Corolla, simunandigulire ndinu. Alamu abwera madzulo ano ndi makaniko wawo, akuti ndi mapisitoni.

Makaniko wa ku Biwi: Musamulole akhudze! Galimotoyo ndi RX-8 kapena ayi?

Mfumu ya Corolla: Ndinanena ine. MAPISITONI.