Tikonze bwanji pulogalamu yathu ya 1.2.0 pomwe mu main muli ntchito yosatha?

Wa ku Ulónguè: Abale, ndigawireni nzeru. Pulogalamu yathu yolembera malonda a mbatata ya kachewere, 1.2.0 ija, ikuphonya masamu. Mlimi akalemba theka la thumba, ikumuwerengera mameticais a thumba lathunthu. Pokonza ndapaona, ndi mizere iwiri yokha. Koma mu main, branch (nthambi) yaikulu ya code yathu mu git yomwe imatisungira mbiri ya zosintha, talowetsamo kale ntchito yoika pulogalamuyi mu Chipwitikizi yomwe sinathe. Ndikatulutsa kuchokera mmenemo, alimi alandira zosapsa.

Wa ku Moatize: Konzani achimwene, mufufute tag (chizindikiro cha chotuluka) ya v1.2.0, muiikenso pa commit yatsopanoyo, pomwe mwasunga zokonzazo.

Wa mumzinda wa Tete: Ayi achimwene, tag yotuluka kale musaisunthe. Amene anaikoka kale atsala ndi yakale, chifukwa git fetch, lamulo lokokera zatsopano, siisintha tag yomwe ilipo popanda kuikakamiza. Mawa anthu awiri adzati ali ndi 1.2.0 pomwe code yawo ndi yosiyana, ndiye vuto mudzalisaka pati? Semantic Versioning, njira yoperekera manambala a pulogalamu, imaletsanso zimenezi: chotuluka chatuluka, chokonzacho chilandire nambala yake. Yambitsani branch pa tag pomwepo:

git switch -c konza-1.2 v1.2.0

Konzani mizere iwiriyo, yesani ndi theka la thumba, kenako git tag -a v1.2.1. Ndi nambala yomaliza yokha yomwe ikwere poti simunaonjezemo chatsopano. Musaiwale git push origin v1.2.1, git push wamba amasiya ma tag pa kompyuta yanu. Mukatero mutengere commit ija ku main ndi cherry-pick, lamulo lokopera commit ku branch ina, apo ayi vutoli lidzabweranso mu 1.3.0.

Wa ku Moatize: Ndamva achemwali. Nanga bwanji osangotsata Git Flow, njira ija yoyendetsera ma branch, tikhale ndi ma branch a develop, release ndi hotfix?

Wa mumzinda wa Tete: Tilipo atatu okha, ndipo tonse timagwira usiku tikaweruka kuntchito. Ma branch onsewo awasamale ndani? Mwini wa Git Flow, Vincent Driessen, amene anailemba mu 2010, anaonjezera mu 2020 kuti njirayi si ya gulu lililonse. Ife atikwanira malamulo awa: main izikhala yogwira ntchito nthawi zonse, chatsopano chilichonse pa branch yake, ndipo chisalowe mnzako asanaone pull request, pempho lochilowetsa mu main.

Wa ku Ulónguè: Zatheka, v1.2.1 yakwera ndipo ndalemba mu CHANGELOG, fayilo yolembamo zosintha. Alimi a ku Tsangano ndiwauza atsitse, ngakhale ma megas amawawa. Za Chipwitikizi zija tizichotse mu main?

Wa mumzinda wa Tete: Zisiyeni, koma zimalizidwe tisanaike tag ya v1.3.0. Achimwene a ku Moatize, malamulowo tilembereni mu CONTRIBUTING.md, fayilo ya kagwiridwe kathu ka ntchito, ine ndiona pull request Loweruka.