Mwana wa mlongo wanga akufuna njinga yamoto ya mpikisano ya YZ125, tipinyolitse munda wa nanazi?

Wobisa dzina, Limbuli:
Akuluakulu pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Dzina ndabisa chifukwa alamu anga alinso mommuno.

Mlongo wanga ali ndi mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 2. Bambo ake anali alangizi a zaulimi, ndipo ali ndi Yamaha DT125 yakalekale ija yofuka utsi. Mnyamatayu anaiphunzira mobera, koma pano amaiyendetsa moti akabaza pa Muloza amaima n'kumamuonerera. Nthawi ya mvula, timisewu ta m'mphepete mwa minda ya tiyi tikasanduka phala lofiira, ena akukankha njinga zawo, iye amangodutsa ataimirira. Zimenezo ndaona ndi maso angawa.

Vuto layamba ndi foni. Amakhalira kuonera MXGP, mpikisano wa dziko lonse wa motocross (njinga zamoto zothamanga m'dothi ndi m'matope), pa YouTube, ndiye wauza bambo ake kuti akufuna YZ125 yogwiritsidwapo kale ntchito, msuweni wake ku Johannesburg waipeza. Alamu agwa nazo m'chikondi, akuti tipinyolitse munda wa nanazi zaka zitatu. Munda umenewo ndi wa mbumba yathu, ndiye mawu omaliza ndi anga ngati malume. Koma mnzanga wina mphunzitsi wandiuza kuti njinga za two-stroke zinatha kale m'mipikisano ya akatswiri. Kodi n'zoona? Nanga mwana wa kuno angadye nazo zimenezi?

Makaniko, Luchenza:
Achimwene, choyamba DT si YZ. Zonse ndi two-stroke, inde: injini yake imaphulitsa mafuta nthawi iliyonse pisitoni ikakwera, ilibe mavavu, n'chifukwa chake ndi yopepuka komanso yolusa. Koma DT ndi ya ntchito ngati ya alangizi, imapirira, ili ndi kathanki kake ka oyilo wa 2T. YZ mumasakaniza nokha oyilo ndi petulo, mukachepetsa oyilo pisitoni yagwira tsiku lomwelo. Ndipo njinga ya mpikisano sitiwerenga makilomita, timawerenga maola. Pisitoni ndi maringi zimasinthidwa zisanafe. Ilibe nyali, ilibe nambala, si yapamsewu. Zipangizo zake pa Luchenza pano simuzipeza, n'zoitanitsa. Ubwino wake umodzi ndi woti ine ndikhoza kuimasula pansi pa mtengo wa mango. Ya four-stroke ya mpikisano, ya injini ya mavavu ija, ikaphulika mumalira maliro.

Wa ku Bvumbwe:
Aphunzitsiwo anena theka. Pamwamba penipeni zinatha ndithu. Malamulo analola kuti four-stroke yaikulu ipikisane ndi two-stroke yaing'ono, ya injini ya 450cc ndi ya 250cc, komanso ya 250cc ndi ya 125cc. Doug Henry atapambana ukatswiri wa ku America mu 1998 pa Yamaha YZ400F ya four-stroke, makampani onse anathamangira komweko. Womaliza kutenga chikho chachikulu cha Supercross, mpikisano wa m'masitediyamu a ku America, pa two-stroke ndi Ricky Carmichael mu 2005, pa Suzuki RM250. Honda inasiya kupanga CR250R itatulutsa ya 2007. Lero MXGP ndi ya ma 450, gulu lotsatira la MX2 ndi la ma 250, pafupifupi onse four-stroke.

Koma pansipa sizinathe. Ana amayambira pa 50, kenako 65, 85, 125, ndipo zimenezo ndi two-stroke. Ku Ulaya kuli mpikisano wa EMX125 wa achinyamata, komwe matimu akuluakulu amakasakako okwera. Yamaha, KTM ndi Husqvarna akupangabe. Ndiye pa msinkhu wakewo mnyamatayo sanasankhe molakwa. 125 siyikhululuka, ukalakwitsa giya pakona yafa mphamvu, wophunzirira pamenepo amadziwa kilatchi.

Akabaza, Chitakale:
Mugulireni Lifo bwana, madzulo azibwera ndi ya ndiwo. Zouluka m'mwambazo tisiyire mbalame.

Ndili ku Joni:
Amalume, ine ndinaperekezapo abwana anga kubwalo la motocross kuno, mwana wawo amakwera. Ndinene mosabisa, vuto si mtundu wa injini. Anzake a mnyamata wanuyo anayamba ali ndi zaka 5 kapena 6, ndipo pafupifupi Loweruka lililonse ali pampikisano, bambo kumbuyo ndi galimoto, matayala, makaniko. MX2 ili ndi malire a zaka 23. Werengani nokha zaka zatsala.

A ku Africa anafikapo pamwamba, musatengeke ndi oti n'zosatheka. Greg Albertyn anali katswiri wa dziko lonse mu 1992, 1993 ndi 1994, Grant Langston mu 2000 pa 125, Tyla Rattray mu 2008. Koma onsewo ndi a ku South Africa, komwe mabwalo alipo, ndipo anachita kusamukira ku Ulaya ali achichepere. Ngakhale Tanya Muzinda wa ku Zimbabwe anali ndi bwalo la Donnybrook ku Harare. Wanuyo akagula njingayo azikapikisana ndi ndani ku Limbuli? Kuthamanga wekha m'matope ndi kwina, kunyamuka anthu makumi anayi pamzere umodzi kulimbirana kona yoyamba ndi kwinanso.

Mayi wa ana atatu, Thyolo:
Nonse mukukamba injini. Chipewa ali nacho? Nsapato zake zija zofika m'mawondo? Wanga anathyoka mwendo pa njinga wamba, ndinagona pansi m'chipatala milungu itatu, alamu ndi amalume akungoimba foni. Mayi ake a mwanayo mwawafunsa, kapena mukungogwirizana amuna okhaokha?

Wobisa dzina, Limbuli:
Mayi, mwandigwira pakhosi. Mlongo wanga sanayankhulepo, amangoti zili kwa achimwene. Chipewa amavala cha bambo ake, chogwedera. Mawa ndipita kukakhala naye pansi alamu kulibe.

Makaniko, Luchenza:
Mukaganiza zogulabe, msuweniyo asapereke ndalama asanatsegule injini. Njinga zambiri zakale za mpikisano amazigulitsa zitatopa, kunja mapulasitiki atsopano. Komanso muwerengere msonkho pachipata. Ine ndikanati m'bweretseni kuno pa holide, aimasule DT yomweyo ndi manja ake, tione ngati chikondicho chifika pa sipanala.

Wa ku Bvumbwe:
Kapena ndalama yochepa chabe, akwere basi JCE ikatha akaone bwalo lenileni kwa msuweni wakeyo. Akazungulire kangapo ndi ana a msinkhu wake, wotchi inene.

Wobisa dzina, Limbuli:
Munda sindipinyolitsa chaka chino, zimenezo ndatsimikiza. Za holide ku Luchenza ndavomera, a makaniko ndikupezani ku inbox. Inu a ku Joni, kodi kumabwalo kumeneko amalola mwana wochokera kunja kubwereka 125 tsiku limodzi, kapena mpaka akhale ndi laisensi ya mipikisano? Ndipo alamu, ngati mwandizindikira, tikambirana kunyumba, osati pano.