Kodi ndizimitse UPnP, WPS ndi TR-069 pa rauta yanga?

Wa ku Luchenza:
Akuluakulu, kunyumba ndili ndi rauta imene timalumikizirapo mafoni, laputopu ndi kamera ya pageti, ndipo bandulo ya mwezi uno yatha pasanathe masabata awiri. Nditalowa m'masetingi ake ndapeza kuti UPnP, WPS ndi TR-069 zonse n'zoyatsa. Kodi zimenezi zimagwira ntchito yanji, ndipo n'kutheka kuti munthu wina akudzera mmenemo?

Wa ku Chitakale:
Bambo, yambani ndi WPS, njira yolumikizira chipangizo ku Wi-Fi ndi PIN kapena batani m'malo mwa pasiwedi, chifukwa ndi imene munthu wokhala kuseri kwa mpanda wanu angalowerepo. PIN yake ili ndi manambala 8, koma mu 2011 katswiri wa chitetezo cha makompyuta Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta imatsimikiza PIN imeneyi m'zigawo ziwiri, moti wakuba safunika kuyesa koposa ka 11,000 kuti aipeze. Izimitseni lero lomwe, kenako musankhe chitetezo cha Wi-Fi cha WPA2 kapena WPA3 ndi pasiwedi yaitali. UPnP nayo imalola chipangizo chilichonse cha m'nyumba kudzitsegulira khomo la ku intaneti popanda kufunsidwa pasiwedi, ndipo makamera otchipa amakonda kuchita zimenezi mwini wake osadziwa.

Mayi wa ku Bvumbwe:
Pa TR-069 pokha musafulumire, achimwene. Ndondomeko imeneyi inatuluka mu 2004 kuti kampani yokugulitsani intaneti izitha kukonza rauta ndi kuikamo firmware (pulogalamu yoyendetsa rauta) yatsopano ili kutali, kawirikawiri kudzera pa port (khomo la ku intaneti) 7547. Kuopsa kulipo ndithu: mu Novembala 2016 mtundu wina wa Mirai, vairasi yolowa m'marauta ndi m'makamera, unadzera pa port yomweyi n'kusokoneza marauta pafupifupi 900,000 a makasitomala a Deutsche Telekom ku Germany. Komabe ngati rautayo munaitenga ku kampani, kuizimitsa kungachititse kuti isamalandirenso firmware yotseka mipata, choncho afunseni kaye eni ake. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi pasiwedi ya admin, yolowera m'masetingi a rauta, imene ambiri sitiisintha kuyambira tsiku logula. Mirai woyambayo ankalowa pa Telnet, njira yakale yolamulira chipangizo uli kutali, poyesa mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 basi.

Wa ku Luchenza:
Zikomo nonse. Pamndandanda wa zipangizo zolumikizidwa ndapeza mafoni atatu achilendo, ndipo ndakumbukira kuti pasiwedi ya Wi-Fi ndinaipereka kwa alendo pa chinkhoswe cha mlongo wanga. Ndaisintha pamodzi ndi ya admin, WPS ndi UPnP ndazimitsa, koma tsopano kamera ija sikuonekanso pa foni ndikakhala kuntchito ku Thyolo. Pamenepa ndichite bwanji, mayi?